Potaziyamu watsika mwa achimwene omwe akumwa prednisolone wambiri: kodi nthochi zokha zingakwanire?

Mlongo_wa_ku_Chibavi
Moni nonse a pagulu lino. Ndikupempha nzeru kwa amene anadutsamo komanso kwa amene amagwira ntchito zachipatala. Achimwene anga, omwe ali ndi zaka za m'ma 40, anawapeza ndi vuto la impso lotaya mapuloteni mumkodzo, lija la nephrotic syndrome, ndipo anawayambitsa mankhwala a siteroidi otchedwa prednisolone, 60 mg tsiku lililonse, omwe ndi mapiritsi 12 a 5 mg, pamodzi ndi Lasix wochotsa madzi chifukwa miyendo inali itatupa mpaka nsapato zinkakana kulowa. Kutupako kwachepa ndithu ndipo thovu la mumkodzo silikuchuluka ngati kale, koma tsopano akatumba akumakokana usiku, akudzimbidwa, ndipo akanyonyomala kuchimbudzi sangadzuke popanda kugwira khoma. Atayezetsa magazi, potaziyamu, mchere wa m'thupi wothandiza minofu ndi mtima kugwira ntchito, anapezeka atatsika kufika pa 3.1. Adokotala analemba mapiritsi a potaziyamu otchedwa Slow-K m'buku mwawo, koma pawindo lolandirira mankhwala anatiuza kuti watha, tikagule kufamase, ndipo mtengo wake watikulira. Kodi nthochi zingalowe m'malo mwa mapiritsiwo? Komanso, popeza tikumva kuti prednisolone ndi amene akutsitsa potaziyamu, kodi kungalakwike atachepetsa mapiritsi kufika pa 6? Nkhope yawo yayamba kuzungulira, tulo sakulipeza, ndipo iwo eni atopa nawo mankhwalawa.

Wakabaza_Luwinga
Achemwali, agulireni nthochi zokwanira, azidya m'mawa, masana ndi madzulo. Zomwe zili mu Slow-K ndi zomwezo zili mu nthochi, choncho musataye ndalama kufamase.

NamwinoWopuma
Amayi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri chifukwa ndi limene lingapweteketse munthu msanga. Achimwene anu asachepetse mapiritsi pa iwo okha, ndipo asayerekeze kuwasiya. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamapanga cortisol, homoni yomwe imathandiza kuti BP ndi shuga zisagwe munthu akadwala kapena akavulala. Munthu akamwa prednisolone wambiri kupitirira milungu 3, tiziwalo timeneti timaleka kugwira ntchito yake chifukwa thupi limaona kuti katunduyo akubwera kale kuchokera kunja, ndipo kuti tidzuke pamafunika nthawi. Akasiya mwadzidzidzi, munthu amafooka, amasanza, BP imatsika kwambiri, ndipo ena amakomoka. Kuwonjezera apo, matenda a impsowo akhoza kubwerera ndi mphamvu, kenako nkuyambiranso pa 60 mg pomwepo. Kuchepetsa kumachitika ndithu, koma amachepetsa ndi adokotala, pang'onopang'ono, akaona mmene mapuloteni a mumkodzo akutsikira.

Pa za potaziyamu, mlingo woyenera m'magazi ndi pakati pa 3.5 ndi 5.0. Pa 3.1 watsika, ngakhale kuti sanafike poti munthu agonekedwe ngati palibe vuto lina. Akapita pansi pa 2.5 ndi ngozi yeniyeni chifukwa mtima umasokonezeka kagundidwe kake. Mukaona mtima ukugunda modumphadumpha, akumva chizungulire ngati akomoka, miyendo yalobodoka osatha kuima, kapena akubanika popuma, musadikire tsiku la kiliniki. Atengereni ku Mzuzu Central kapena ku St John's usiku womwewo.

Wafamase_Katoto
Ndionjezepo mawerengero pang'ono. Piritsi limodzi la Slow-K lili ndi 600 mg ya potassium chloride, yomwe imapereka 8 mmol ya potaziyamu, pafupifupi 310 mg. Nthochi yaikulu bwino imodzi imakhala ndi pafupifupi 400 mg, ndipo zathu zing'onozing'ono zija zimakhala ndi wocheperapo.

Koma chimene ndikufuna kuti a Mlongo_wa_ku_Chibavi amvetse ndi chakuti prednisolone sali yekha pa mlanduwu. Masiteroidi amachititsa impso kusunga sodiyamu ndi madzi nkumataya potaziyamu mumkodzo, zimenezo nzoona, koma mphamvu imeneyi imasiyana. Hydrocortisone ali nayo yambiri, prednisolone ali nayo yochepa, ndipo dexamethasone, amene ambiri tinamudziwa m'nthawi ya Covid-19 kuyambira 2020, ali ngati alibiretu. Lasix ndiye amatulutsa potaziyamu wochuluka, ndipo awiriwa akakumana m'thupi limodzi, kutsika kumafulumira. Amene mumamwa HCTZ wa BP dziwaninso kuti naye amachita chimodzimodzi. Choncho popita kwa adokotala, funso loyenera ndi lakuti kodi mlingo wa Lasix ukufunikabe kukhala womwewo tsopano pamene miyendo yaphwa.

Wakabaza_Luwinga
Ndiye mwavomereza nokha, abwana, kuti nthochi imaposa piritsi. Nanga tikutsutsana chiyani?

Wafamase_Katoto
Sindinavomereze, achimwene, ndipo ndifotokoze chifukwa chake. Choyamba, potaziyamu wa m'magazi amene amayezedwa kulabu ndi gawo laling'ono kwambiri, ndipo yense wa kunja kwa maselo ndi pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse, pamene wotsalayo ali m'kati mwa maselo, makamaka a minofu. Nambala ya m'magazi ikatsika kuchoka pa 4 kufika pa 3, thupi lonse limakhala litataya ma mmol mazana angapo, ndipo nthochi imodzi imangobwezera pafupifupi 10, pamene Lasix akupitiriza kutulutsa tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, Lasix amataya potaziyamu pamodzi ndi chloride, ndipo kuti impso zigwire potaziyamu wobwererayo zimafuna chloride yemweyo, amene ali m'piritsi koma m'zipatso ndi wochepa. N'chifukwa chake chakudya chimathandiza kwambiri poteteza kuti asatsike, koma chimachedwa kukweza amene watsika kale chifukwa cha mankhwala okodzetsa. Chachitatu, munthu amene ali pa 60 mg ya prednisolone shuga wake amakhala akukwera kale, ndiye kumudyetsa phava lonse la nthochi zakupsa tsiku lililonse ndi kumuonjezera vuto lina.

Pali mbali inanso imene ikundidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Wodwalayu vuto lake ndi la impso. Impso zikafooka zimalephera kutulutsa potaziyamu, ndipo munthu yemweyo amene lero ali pa 3.1 akhoza kupezeka ali pa 6 patapita nthawi yochepa, makamaka ngati akumwanso enalapril, spironolactone kapena Bactrim, omwe onse amasunga potaziyamu m'thupi. Potaziyamu wokwera amaimitsa mtima ngati mmene amachitira wotsika, ndipo onse awiri amayamba ndi kufooka kwa minofu. Palibe amene angasiyanitse ndi maso. Achemwali, tiuzeni mankhwala onse amene alembedwa m'bukumo.

Mayi_wa_Lupus
Ine ndakhala pa prednisolone kwa zaka chifukwa cha lupus, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwe, ndipo nthawi imene matenda anakwera anandiika pa mlingo waukulu ngati umenewo. Zoti munthu akanyonyomala sangadzuke ndikuzidziwa bwino. Pokwera minibasi ya ku Ekwendeni ndinkaponda phazi limodzi pachitsulo kenako thupi nkukana kutsatira, mpaka kondakitala azindikoka dzanja, ndipo kupesa tsitsi kunkanditopetsa mapewa ngati ndasenza thumba. Ndinkaganiza kuti ndi potaziyamu, koma atayeza anali pa 4.2. Adokotala anandiuza kuti prednisolone wambiri amadya minofu ya m'ntchafu ndi ya m'mapewa, ndipo kufooka kumeneko sikumva nthochi kapena Slow-K, kumachepa pokhapokha mlingo ukatsika komanso munthu akamayendayenda. Anandilangiza kuti ndizikhala pampando ndi kudzuka kangapo popanda kugwira, m'mawa ndi madzulo, ndipo mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono. Choncho achimwene anuwo akhoza kukhala ndi mavuto awiri nthawi imodzi. Kukokana kwa akatumba ndi kudzimbidwa zikhoza kutha potaziyamu akakwera, koma musadabwe ngati vuto lodzuka lichedwerapo. Pakali pano apangireni kampando kobooka pakati koika pachimbudzi, akalipentala amapanga mosavuta, kuti asamagwe.

Mlongo_wa_ku_Chibavi
Zikomo kwambiri nonse. M'bukumo mwalembedwa prednisolone, Lasix wa 40 mg kawiri pa tsiku, enalapril wa 5 mg ndi omeprazole woteteza m'mimba. Bactrim sakumwa. Prednisolone amamwa madzulo akadya nsima, chifukwa anauzidwa kuti azimwa atadya ndipo chakudya chenicheni kwathu ndi chamadzulo. Akatumba akakokana kwambiri amamwa Brufen amene timagula pagolosale.

NamwinoWopuma
Amayi, apo pali zinthu ziwiri zofunika kusintha. Brufen asiye lero lomwe, pamodzi ndi diclofenac, indocid ndi mankhwala ena onse a mtundu umenewo. Kwa munthu wodwala impso amene akumwa Lasix ndi enalapril, mankhwala amenewa akhoza kuimitsa impso, ndipo akaphatikizana ndi prednisolone amabooletsa zilonda m'mimba zomwe zimatha kutaya magazi. Chimbudzi chikadzakhala chakuda bii ngati phula, chimenecho ndi chizindikiro cha magazi ndipo ndi nkhani yothamangira kuchipatala. Pa ululu wamba, Panado ndi amene ali wotetezeka.

Chachiwiri ndi nthawi yomwera. Thupi limapanga cortisol wambiri m'mamawa ndipo usiku amatsika kuti munthu agone. Kumwa mapiritsi 12 cha m'ma 7 madzulo ndi kuuza thupi kuti kwacha. Kawirikawiri prednisolone amamwedwa kamodzi m'mawa, ndipo kudya kumene kumanenedwako sikufuna nsima ayi, phala kapena mbatata yophika ndi tiyi n'zokwanira. Auzeni adokotala kapena a famase kuti wakhala akumwa madzulo, akuuzani kasinthidwe kake, ndipo mwina vuto la tulo lichepa kwambiri.

WakuLabu_Mzuzu
Ndilankhulepo monga munthu amene amagwira magaziwo. Potaziyamu ndi mmodzi mwa mayeso amene amanama msanga ngati magazi sanatengedwe bwino. Lamba akamangidwa pamkono nthawi yaitali, wodwala akamafumbata ndi kutambasula chibakera mobwerezabwereza, magazi akakokedwa movutikira ndi singano yaing'ono, kapena kabotolo kakakhala maola ambiri kasanafike pamakina, maselo amatulutsa potaziyamu wawo, makamaka maselo ofiira akasweka. Zikatero nambala imakwera mwabodza, ndipo munthu amene ali pa 3.0 akhoza kulembedwa 4.0 nkubwerera kunyumba akuganiza kuti wachira. Tikaona madzi a pamwamba pa magazi afiira m'malo mokhala achikasu, timapempha kuti atengenso. Choncho pitani m'mawa, ndipo ngati n'kotheka magazi atengedwere pamalo pomwe pali makinawo, osati kutengedwa kutali nkuyenda pa galimoto tsiku lonse.

Pemphaninso kuti ayeze creatinine nthawi yomweyo, chifukwa ndi amene amasonyeza ngati impso zikusefa bwino, ndipo ndi amene angauze adokotala ngati Slow-K ndi wotetezeka pamodzi ndi enalapril. Zotsatira zilembedwe m'buku ndi deti lake. Nambala imodzi yokha siuza zambiri, koma zitatu zondondozana zimaonetsa kumene munthu akulowera.

Gogo_wa_ku_Masasa
Ana inu mukutchula nthochi ngati kuti ndi chakudya chokhacho padziko. Bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, nyemba, mbatata, mapeyala ndi nsinjiro, zonsezi anatiuza kuchipatala kuti zili ndi mchere umenewu pamene malemu amuna anga ankamwa mankhwala okodzetsa. Vuto ndi kaphikidwe ka masiku ano, kowiritsa masamba m'madzi odzadza mphika kenako nkukhuthula madziwo pansi. Ife timathira madzi pang'ono kuti aphwere momwemo. Komanso ndinamva kuti chidulo cha phulusa chili ndi potaziyamu wambiri, ndiye bwanji osamawaphikira therere la chidulo?

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Agogo, pa za kaphikidwe mwanena zoona kwathunthu. Potaziyamu amasungunuka m'madzi, choncho amene amataya madzi owiritsira masamba kapena mbatatesi amataya gawo lalikulu la potaziyamuyo, ndipo n'chifukwa chake odwala impso amene potaziyamu wawo ndi wokwera amauzidwa kuchita dala zimenezo. Pa magalamu 100 alionse, bonongwe wosaphika ali ndi pafupifupi 600 mg, peyala pafupifupi 480 mg, mbatatesi pafupifupi 420 mg, pamene nthochi ili ndi pafupifupi 360 mg. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu wathanzi azipeza 3,510 mg kapena kuposerapo pa tsiku kuchokera m'chakudya, ndipo mbale ya nyemba ndi masamba imapita patali kuposa zipatso zokha.

Pa za chidulo ndiye ndikupemphani, agogo, kuti tisachisandutse mankhwala. Nzoona kuti phulusa la zomera lili ndi potaziyamu, koma palibe amene amadziwa kuchuluka kwake m'kapu imene yasefedwa lero, chifukwa zimatengera chimene chawotchedwa ndi madzi amene athiridwa. Kwa munthu amene impso zake zikudwala ndipo akumwa enalapril, chinthu chosadziwika mlingo ndi choopsa. N'chimodzimodzinso ndi mchere wa m'masitolo umene amalemba kuti uli ndi sodiyamu wochepa, chifukwa m'malo mwa sodiyamuyo amaikamo potassium chloride.

Chimene banja lingachite popanda kutaya ndalama ndi kuchepetsa mchere wamba. WHO imanena kuti usapitirire magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikizapo umene uli kale m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'soseji ndi m'tchipisi cha pachiwaya. Mchere wambiri umabwezeretsa kutupa, umakweza BP, komanso umachititsa impso kutaya potaziyamu wochuluka.

Gogo_wa_ku_Masasa
Ndamva, aphunzitsi. Therere tizidya ife, odwalawo tiwapatse bonongwe wotendera.

Wamsika_Zigwagwa
Uphungu wa masamba ndi umene ungatheke, chifukwa nthochi zenizenizo zinasiya kukhala chakudya cha aliyense. Chiyambireni pamene matenda a chisaka anawononga minda ya nthochi ku Nkhata Bay ndi madera ena, zambiri zimene timagulitsa zimachokera ku Tanzania kudzera ku Songwe, ndipo mtengo wake umayendera transipoti. Bonongwe ndi nkhwani ndi zotsika mtengo, ndipo nyengo ya mapeyala kuno ku Mzuzu amachita kugwa okha m'mitengo ya m'makomo.

Wakabaza_Luwinga
Nthochi za ku Karonga zilipobe, amayi, kungoti zambiri ndi zophika.

Wafamase_Katoto
Zophikazo nazonso zili ndi potaziyamu wokwanira, makamaka ngati msuzi wake sutayidwa monga zimakhalira mu mbalagha. Koma tibwerere kwa wodwala wathu, chifukwa mndandanda wa mankhwala uja waulula chinthu china. Lasix amataya magineziyamu mumkodzo, ndipo omeprazole akamwedwa nthawi yaitali amachepetsa magineziyamu amene matumbo amayamwa. Magineziyamu akachepa, impso sizitha kugwira potaziyamu, ndipo kumwa Slow-K kumangokhala ngati kuthira madzi m'ndowa yobooka. Si malabu onse amene amayeza magineziyamu, koma ngati potaziyamu akukana kukwera pamene mapiritsi akumwedwa mokhulupirika, akumbutseni adokotala za iyeyu.

Mukagula Slow-K, simukakamizidwa kugula botolo lonse, gulani a masiku amene alembedwa kufikira tsiku loyezetsanso. Piritsi limezedwe lathunthu ndi kapu yodzadza ya madzi, atadya, ali chikhalire kapena chiimire, ndipo asagone pansi nthawi yomweyo. Asalitafune kapena kuliphwanya, chifukwa linapangidwa kuti lizisungunuka pang'onopang'ono, ndipo likatsakamira pakhosi kapena kusungunuka malo amodzi limawotcha nkusiya chilonda. Akaiwala kumwa m'mawa asaphatikize awiri madzulo.

Bambo_wa_ku_Mchengautuwa
Palibe amene wakhudza za shuga mokwanira, ndiye ndifotokoze zimene zinachitikira akazi anga pamene ankamwa prednisolone wambiri chifukwa cha vuto la magazi osagwirana. Ankayezetsa shuga m'mawa asanadye ndipo nthawi zonse ankapezeka ali bwino, koma kunyumba ankamwa madzi osaleka, usiku ankadzuka pafupipafupi kukataya madzi, ndipo maso anayamba kuona mwachimbuuzi. Namwino wina ndi amene anatiuza kuti prednisolone womwedwa m'mawa amakweza shuga masana ndi madzulo, ndipo pofika m'mawa wotsatira amakhala atatsika. Titayezetsa cha m'ma 3 koloko masana, makina anaonetsa nambala yopitirira 300. Anatiuza kuti chilichonse chofika pa 200 mg/dL, kapena 11.1 pa makina owerenga mu mmol, chimafuna kuti adokotala achione. Anawapatsa mankhwala a shuga kwa kanthawi, ndipo mlingo wa prednisolone utatsika shugayo anabwerera m'malo mwake. Chovuta kwa a Mlongo_wa_ku_Chibavi n'chakuti achimwene awo akukodza kale kwambiri chifukwa cha Lasix, choncho chizindikiro chimenechi chikhoza kubisala. Njala yake nayonso ndi yoopsa, munthu amadya nsima nkufunanso buledi ndi zakumwa zotsekemera pasanathe ola.

Mtsikana_wa_Mzuni
Pepani ndilowererepo. Njala ndi kuzungulira kwa nkhope kumene mukunenaku ndi kumene kukuchititsa atsikana ena kugula dexamethasone ndi prednisolone kwa ogulitsa mankhwala m'misika kuti anenepe. Ndawaona akumwa miyezi yambiri popanda wowayeza chilichonse.

NamwinoWopuma
Mwana wanga, zimenezo zilipo ndipo ndawalandirapo m'wodi otero. Kunenepa kwake ndi kwa mafuta osonkhana kumaso, pamimba ndi kumbuyo kwa khosi, pamene miyendo ndi mikono ikuwonda, khungu likupyapyala ndi kuchita mizere yofiirira pamimba. Dexamethasone wa 0.75 mg ali ndi mphamvu yofanana ndi prednisolone wa 5 mg, choncho timapiritsi tating'ono tija si tamasewera. Amene akumwa kale kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi chifukwa cha mantha, apite kuchipatala akanene zoona kuti awachepetsere mwadongosolo. Mankhwalawa amayenera kugulitsidwa pokhapokha pali kalata ya dokotala, ndipo bungwe loyang'anira zimenezi ndi PMRA.

Kwa achimwene a ku Chibavi aja, nkhope yozungulira idzabwerera mlingo ukatsika, ngakhale kuti zimatenga miyezi. Chimene ndikufuna banja liyang'anire kwambiri ndi matenda opatsirana. Pa 60 mg chitetezo cha m'thupi chimakhala chotsika, ndipo prednisolone amabisa kutentha thupi, moti munthu akhoza kukhala ndi chibayo kapena malungo thupi lili lofunda pang'ono chabe. Chifuwa chosatha, thukuta la usiku, zoyera m'kamwa, matuza otsatana mbali imodzi ya thupi ngati mashingozi, kapena bala losapola, zonsezi zikaonekere kuchipatala msanga. Kuno kwathu TB ndi yofala, ndipo masiteroidi amatha kudzutsa TB imene inagona m'thupi. Ngati zitapezeka choncho, adokotala a impso adziwitsidwe, chifukwa rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya prednisolone msanga ndipo mlingo umafunika kuunikidwanso. Azigona m'neti, ndipo nyengo yozizira ino asamakhale m'chipinda chotseka mawindo pamodzi ndi munthu amene akutsokomola.

Mayi_wa_ku_Chiputula
Ndikufuna kuchenjeza za khalidwe, chifukwa nkhani imeneyi inatsala pang'ono kupasula banja la mchemwali wanga. Amuna ake, munthu wofatsa chibadwire, atayamba mlingo waukulu anasanduka wolongolola, ankadzuka pakati pa usiku nkuyamba kukonza wailesi kapena kuwerengera ndalama za bizinesi imene kulibe, ndipo ankapsa mtima ndi kulira kwa mwana. Achibale ena anayamba kunena za kulodzedwa ndipo ankafuna kupita nawo kwa asing'anga. Adokotala atamva, ananena kuti ndi mankhwalawo, anasintha mlingo, ndipo bamboyo anabwerera mwakale. Kusowa tulo ndi kukwiya msanga n'zofala, koma munthu akayamba kulankhula zosadziwika, kuona zinthu zimene kulibe, kapena kunena zodzipha, pitani naye kwa amene analemba mankhwalawo tsiku lomwelo. Kuno tilinso ndi mwayi wa St John of God, kumene amathandiza pa za maganizo.

Mlongo_wa_ku_Chibavi
Ndibweretse zimene zachitika. Tinagula Slow-K wa masiku ochepa monga munanenera, Brufen anasiya, ndipo prednisolone tsopano akumwa m'mawa ndi phala adokotala atavomereza. Poyezanso, potaziyamu anali pa 3.5 ndipo creatinine anati ali bwino. Lasix amuchepetsa kukhala kamodzi pa tsiku, ndipo anena kuti Slow-K adzasiya akayezanso ulendo wotsatira chifukwa cha enalapril. Prednisolone akadali pa 60 mg. Kukokana kwachepa, koma kudzuka akanyonyomala kudakali kovuta monga ananenera a Mayi_wa_Lupus.

WakuLabu_Mzuzu
Ulendo wotsatirawo musaudumphe ngakhale akumva bwino. Pamene Lasix wachepa koma Slow-K ndi enalapril akupitirira ndi pamene nambala imatha kudumphira mbali inayo.

Mayi_wa_Lupus
Funsaninso za mafupa ndi maso, chifukwa zimenezi sizipweteka poyamba. Prednisolone wa miyezi yambiri amafewetsa mafupa, ndipo ine anandipatsa calcium ndi vitamini D, komanso anandilimbikitsa kudya usipa ndi mafupa ake omwe, mkaka ndi masamba. Ululu wa m'chiuno kapena m'mphechepeche umene ukukula poyenda usanyalanyazidwe, chifukwa nthawi zina mutu wa fupa la ntchafu umasowa magazi. Ng'ala anandipeza nayo ndisanafike zaka 45, ndipo kuchipatala cha maso amandiyezanso mphamvu ya madzi a m'diso chifukwa masiteroidi amatha kuikweza munthu osamva kanthu.

Wakabaza_Luwinga
Nanga munthu wotere akatsegula m'mimba kapena kusanza, Thanzi ORS angamwe? Paja muli mchere umene mwati achepetse.

NamwinoWopuma
Funso limenelo ndi labwino, achimwene. Kutsegula m'mimba ndi kusanza kumataya potaziyamu wambiri pa maola ochepa, ndipo ORS ali ndi 20 mmol ya potaziyamu pa lita imodzi pamodzi ndi sodiyamu wobwezeretsa amene watayika, choncho munthu amene akutaya madzi amwe ndithu pamene akukonzekera ulendo wa kuchipatala. Lamulo lochepetsa mchere ndi la masiku wamba. Koma wodwala ngati uyu sayenera kudzisamalira kunyumba, pa zifukwa ziwiri. Lasix ndi enalapril akamwedwa thupi lili louma amavulaza impso, ndipo adokotala kawirikawiri amawaimitsa kwa kanthawi. Komanso akasanza prednisolone ndiye kuti tsiku limenelo sanamwe, pamene thupi lake silikupanga cortisol wakewake, ndipo angafunike jakisoni wa hydrocortisone. Buku la kuchipatala liziyenda naye kulikonse, ndipo aliyense womuthandiza, ngakhale wozula dzino, auzidwe kuti ali pa masiteroidi. Potaziyamu wa m'diripi amaperekedwa pang'onopang'ono kwa maola, choncho achibale odikirira odwala asamatsegule kampira ka diripi kuti ithe msanga, monga ena amachitira namwino akatuluka.

Bambo_wa_ku_Zolozolo
Ndawerenga zonse ndipo ndachita mantha. Mwana wanga wa zaka 9 ali ndi mphumu, ndipo nyengo yozizira ino ikamugwira amamupatsa prednisolone wa masiku 5 pamodzi ndi salbutamol wopopera. Masikuwo akatha amangosiya osachepetsa. Kodi akulakwitsa? Nanga potaziyamu wake tiziyezetsa?

Wafamase_Katoto
Abambo, sakulakwitsa. Prednisolone wa masiku 3 mpaka 5 pa mphumu amasiyidwa popanda kuchepetsa chifukwa tiziwalo topanga cortisol timakhala tisanagone, ndipo mavuto a mafupa, maso ndi minofu amene takambirana ndi a omwe amamwa kwa milungu ndi miyezi. Salbutamol amakankhira potaziyamu m'maselo kwa maola angapo, ndipo zimenezi zimakhala nkhani makamaka kwa mwana amene wagonekedwa nkumapatsidwa wa pa makina mobwerezabwereza, kumene anamwino amakhala akumuyang'anira. Kwa mwana amene akudya bwino, sakutsegula m'mimba ndipo sakumwa mankhwala okodzetsa, kuyeza potaziyamu nthawi iliyonse sikofunika.

Chimene muyenera kuwerengera ndi kuchuluka kwa maulendo amene akupatsidwa prednisolone pa chaka. Ngati zikuchitika kawiri kapena kuposerapo, ndiye kuti mphumuyo sikulamulirika, ndipo mapiritsi obwerezabwereza amaunjikana zotsatira zake, kuphatikizapo kuchedwetsa kukula. Kafunseni za beclomethasone wopopera tsiku ndi tsiku, amene amapita m'mapapo mwachindunji pa mlingo wochepa kwambiri, ndipo akuonetseni kagwiritsidwe ntchito ka spacer, kabotolo kolumikiza ku chopoperacho komwe mwana amapumiramo mankhwalawo. Akatha kupopera azichukucha m'kamwa ndi madzi nkulavula kuti asachite zoyera palilime.